Madola 60 a gasi amene sanathe: ndemanga pa sitolo ya eyakoni ya ku Msasa

Ndapereka nyenyezi ziwiri, ndipo imodzi mwa ziwirizo si ya sitolo, ndi ya bambo wachikulire amene anabwera pomaliza. Pakanakhala poti ndiwapatse zawozawo ndikanawapatsa zisanu zonse, sitoloyo n'kutsala ndi imodzi yakeyo, yoti katundu amene anatigulitsa ndi weniweni.

Eyakoni tinagula kusitolo ina ya zamagetsi cha ku Msasa, kuno ku Harare, ya mphamvu yoziziritsa ya 12,000 BTU, yamtundu wamba, osati ya inverter. Mtengo mukuudziwa kale inu amene munazungulirako m'masitolo amenewa, komanso mukudziwa kuti yoikira amakulipiritsani padera. Tinagulira amayi anga. Iwo anachokera ku Dedza kudzakhala nafe kuno ku Mabvuku, munthu wozolowera mphepo ya kumapiri, ndiye chipinda chawo chinayang'ana kumadzulo, denga la asibesitosi, kuwonjezera apo ali ndi BP. Chilimwe choyamba makina anagwira ntchito bwinobwino, palibe chonena.

Mu Okutobala muno, jakaranda atachita maluwa, dzuwa likuswa mtengo, eyakoni inasiya kuziziritsa. Kuyaka imayaka, kupemerera imapemerera, koma mpweya wotuluka ndi womwewo wa m'chipinda, wofunda. Tinayamba ndi zimene munthu angathe kuchita yekha. Rimoti inali pa cool, osati pa fan kapena pa dry, nambala titaitsitsa mpaka 18. Masefa tinawachotsa, kutsuka ndi madzi, kuyanika pamthunzi, kubwezera. Pamapaipi panalibe madzi oundana. Fani ya bokosi la panja imazungulira ngati kale. Pamenepo ndiye ndinaimba foni kusitolo.

Mayi wa pafoni sanandilole n'komwe kumaliza kufotokoza. "Gasi watha." Ndinati mayi, makinawa sanakwanitse ndi zaka ziwiri zomwe, gasi watha bwanji? Akuti amatha, Okutobala uno aliyense gasi wamuthera. Nanga galanti? Akuti galanti ndi ya zitsulo zokha, gasi ndi ulendo wa mmisiri mulipira nokha, madola a America, kapena EcoCash, ndalama za pafoni, pa reti ya tsikulo, reti yake yodziwa iwo okha. Kayankhulidwe kake ngati ine ndinawalakwira pogula kwa iwo. Ine ndagwirapo ntchito yolandira anthu, ndikudziwa kuti foni imatopetsa nyengo yotentha, koma mayi ameneyu si kutopa ayi, ndi khalidwe.

Anatumiza mnyamata. Analonjeza m'mawa, anafika dzuwa litapendeka, silinda paphewa, foni kukhutu. M'chipinda sanalowe. Chivundikiro cha bokosi la panja sanatsegule. Anangomanga kapaipi kake pambali pa bokosilo, kutsegula silinda, tinamva kuti tsiii, kutseka, n'kulemba lisiti ya madola 60, foni ikadali kukhutu. Ndinamuuza kuti mchimwene wanga, m'chipindamu mukadali motentha. Anati gasi amafunika akhazikike kaye, mawa agogo adzapempha bulangeti. Mawa lakelo amayi anaswera pamkeka pakhonde, thaulo lonyowa pakhosi.

Nditaimbanso, mayi uja anandifunsa ngati sitikutsegula mawindo. Apa mtima unandikwera. Ndinakwera kombi mpaka ku Msasa, lisiti m'manja, ndipo ndinayankhula mokweza ndithu pamaso pa anthu amene amafunsa mitengo. Abwana anatuluka m'kaofesi kawo msangamsanga, ulemu wonse uli pakamwa, n'kunena kuti atumiza "mudhara wawo", kutanthauza mmisiri wawo wachikulire. Ndinabwerera ndisakuyembekeza chilichonse.

Bambowa anabwera pa nthawi imene ananena. Chikwama chakale cha zida, ovolosi yofufuma mtundu, silinda analibe, ndipo ine kuona kuti alibe silinda ndinayamba ndakayika. Anandipempha kuti ndiyatse makina, iwo n'kukaima panja pa bokosi lija, dzanja ataliika pamwamba pake, osayankhula. Anati tidikire mphindi zitatu, makinawa sadzutsa kompuresa, injini yopopa gasi, nthawi yomweyo, amayamba ayembekeza. Fani inayamba kuzungulira. Kenako m'kati mwa bokosi munamveka kung'ung'udza, mmm, kwa kanthawi kochepa, n'kumveka tiki, zii. Tinadikiranso. Mmm, tiki, zii.

"Mwamva, mayi? Kompuresa ikufuna kunyamuka koma choinyamutsa palibe."

Phokoso limeneli linalipo masiku onsewa, koma fani imaliphimba, ndipo munthu ukaona fani ikuzungulira umati panja zonse zili bwino. Anandiuza ndigwire mapaipi awiri amkuwa amene amalowa m'bokosilo. Yaikuluyo, anatero, ikamagwira ntchito eyakoni imayenera kuzizira mpaka kuchita thukuta. Inali yofunda ngati khoma lomwe.

Anazimitsa magetsi pa swichi ya pakhoma, kumasula kachivundikiro ka m'mbali, n'kundiletsa kuyandikira, akuti kachitini aka kamasunga magetsi ngakhale mutazimitsa, kakhoza kukumenyani. Atakachotsa mphamvu anakatulutsa n'kundionetsa. Capacitor, kachitini koyera kosadzadza dzanja kamene kamathandiza kunyamutsa kompuresa, pamwamba pake patatupa. Pambali panalembedwa 35 µF. Atakayeza ndi mita, nambala inatuluka yochepetsetsa, kutali ndi 35. Anapisa m'chikwama, kutulutsa ina ya nambala yomweyo, kulumikiza mawaya momwe analili, kutseka. Titayatsa n'kudikira mphindi zitatu zija, bokosi linagwedezeka pang'ono n'kuyamba kulira kulira kwake kwenikweni, kumene ndinali nditaiwala kuti kumamveka motero. Pasanapite nthawi paipi yaikulu ija inayamba thukuta. Analowa m'chipinda ndi choyezera kutentha: mpweya wolowa m'makina madigiri 31, wotuluka 19. Anati kusiyana kukakhala kwa madigiri 8 mpaka 12, makina ali bwino.

Amayi atamva kamphepo pankhope anangoti, "Ambuye alemekezeke." Bambo aja, amene mpaka pamenepo timayankhulana nawo Chishona, anatembenuka n'kuwomba m'manja, "Muli bwanji agogo?" Chichewa chawo chopindika pang'ono, cha munthu wobadwira kuno, koma Chichewa ndithu. Bambo awo anachokera ku Ntcheu nthawi ya Chitaganya kudzagwira ntchito m'mafamu a fodya, iwo anabadwira ku Highfield, kumudzi sanapondeko. Amayi anayamba kufunsa chiwongo, mudzi, mfumu yake, ngati ntchito ya eyakoni yatha, ndipo tiyi analowa pomwepo. Ndanena izi kuti wina asati ndikuwayamikira chifukwa ndi akwathu. Makina anali atadzuka kale tisanadziwane.

Pa tiyi pomwepo ndinawaonetsa lisiti ya madola 60 ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Mnzawo wa pantchito sanamunene, ulemu umenewo ndinauona, koma anafotokoza mosapsatira. Gasi wa eyakoni sali ngati wophikira uja timakadzazitsa kumashopu, woti ukamaphika amatha. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, kutenga kutentha m'chipinda n'kukakutaya panja, chaka ndi chaka yemweyo. Akachepa ndiye kuti pena pakudontha, kawirikawiri pamanati pamene mapaipi alumikizana, ndipo pamaoneka timafuta kapena paipi yaing'ono imagwira madzi oundana. Mmisiri woona amapaka thovu la sopo kapena kupopera nitrogen kuti apeze podonthapo, kukonza, kukoka mpweya wonse m'mapaipi ndi pampu, kenako kuthira gasi poyeza pasikelo molingana ndi kulemera kumene kunalembedwa pachikwangwani cha bokosi. Kungothira osatseka podontha n'kumuitana munthu kuti adzalipirenso. Anapaka sopo pamanati athu ine ndikuona, thovu silinatupe paliponse.

Ndinafunsa kuti nanga gasi amene mnyamata uja anathira wapita kuti. Anaseka pang'ono. Akuti kompuresa itaima palibe chokoka gasi, ndiye ngati analowa ndi pang'ono chabe, ndipo umenewo ndi mwayi wathu, chifukwa gasi wopitirira muyezo amalemetsa kompuresa mpaka kuipha, ndipo kompuresa ndiye mtengo wa makina onse. Anandifunsanso mtundu wa silinda ya mnyamatayo. Ndinakumbuka kuti inali yapinki. Anapuma, akuti imeneyo ndi R410A, yofanana ndi zimene zalembedwa pa bokosi lathu. Ikanakhala yobiriwira bwenzi ili R22, gasi wa makina akale amene mayiko anagwirizana kuti asiyidwe potsatira pangano la ku Montreal la 1987, ndipo m'mayiko ngati athuwa akuyenera kukhala atasiyidwa pofika 2030. Magasi awiriwa sasakanizidwa. Anayeza ndi mawotchi awo a gasi komanso mphamvu ya magetsi imene kompuresa ikukoka, zonse zinagwirizana ndi chikwangwani.

Ndiye madola 60 ndinagula phokoso la tsiii.

Sanathere pomwepo bambowa, ndipo apa mkwiyo wanga pa sitolo unabwereranso. Ndinafunsa chimene chinapha capacitor pamakina atsopano chonchi. Anatchula ziwiri: kutentha, ndi magetsi akamabwera atazima, poti nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira kapena yoperewera pa 220 mpaka 240 volts imene makinawa amafuna. Za kuzima kwa magetsi tonse a mu Harare tikuzidziwa, sindikuuzani zachilendo. Koma za kutenthazo anandionetsa. Anyamata a sitolo yomweyi anakhomera bokosi pakhoma la kumadzulo, pamene dzuwa la masana onse limagunda, n'kulipanikiza kukhoma moti dzanja limalowa movutikira kumbuyo kwake. Timalata topyapyala ta kumbuyoko tinali titatsekeka ndi fumbi la chilimwe chonse, ulusi ndi nthenga za nkhuku za aneba. Bokosi limeneli ntchito yake n'kutaya kutentha, likalephera kupuma zonse za m'kati mwake zimapsa pang'onopang'ono. Anatsuka ndi madzi oyenda pang'onopang'ono ndi kaburashi kofewa, akuti madzi amphamvu amapinda timalatato. Madzi otuluka anali ofiira ngati a mumsewu mvula yoyamba. Anatilangiza kuti tiikire kadenga kamthunzi pamwamba koma m'mbali tisatchinge, tigule kachipangizo kotchinjiriza magetsi kamene kamadula mphamvu ikalakwika n'kudikira kaye isanabwerere, ndiponso masefa tizitsuka pakapita masabata awiri nyengo ya fumbi. Tsiku logula palibe ndi mmodzi yemwe kusitoloko anatchulapo za kachipangizo kameneka, chonsecho amagulitsa pashelefu yomweyo.

Chinanso chimene sanatiuze pogula, ndipo ndachimva kwa bambowa: eyakoni yamtundu wamba ngati yathuyi imakoka magetsi ambiri pa kamphindi kamene kompuresa ikunyamuka, ndiye pa sola yaing'ono ya m'nyumba zathuzi siyenda. Ife tinali ndi maganizo odzailumikiza ku sola. Tikanauzidwa bwenzi titawonjezera ndalama n'kutenga ya inverter, imene imanyamuka pang'onopang'ono. Wogulitsa anangoti zonse n'zofanana, kusiyana ndi mtengo basi.

Capacitor sanatilipiritse, anati ili m'galanti ndipo akalemba okha kuofesi. Ndinayesa kuwapatsa ya kombi, anakana, anangolandira mtedza umene amayi anawakulungira m'pepala. Ndikanena zoona, makinawo ndi abwino. Salira kwambiri usiku, madzi sadontha m'chipinda, ndipo pamita amadya pafupifupi yuniti imodzi pa ola kompuresa ikamayenda, zimene tinazolowera kale pogula matokeni. Chikonzereni amayi akugona tulo, masana sakuthawiranso pakhonde. Sitolo imene yasunga mmisiri wotere zaka zonsezi siingakhale yoipa kotheratu, ndipo abwana aja, nditawaimbira kuwauza zimene zapezeka, sanatsutse, anapepesa. Mukagula kumeneko makina akavuta, nenani kuti mukufuna mmisiri wamkuluyo, ndipo wina akatchula gasi asanaone makina, muuzeni ayambe wakuonetsani podontha.

Zimene sindikumvetsa n'zakuti mayi wa pafoni uja akadali pampando womwewo. Mnzanga wa kutchalitchi wa ku Tafara anaimba sabata yomweyo ndi vuto lake la eyakoni, yankho linali lomwelo, gasi watha, asanafunsidwe ngakhale mtundu wa makina. Ndamupatsa malangizo a bambo aja, wapeza kuti masefa ake anali asanatsukidwepo chigulireni.

Madola 60 anga abwana analonjeza kubweza. Nditapita ndi lisiti, mayi uja anati ndalama zolowa m'buku sizituluka, angandilembere kuti ndidzachotseredwe pa sevisi ya chaka chamawa. Ndinakana, ndinati ndinapereka madola, ndikufuna madola. Pano akuti abwana anapita ku Johannesburg kukatenga katundu, ndidikire abwere. Akabweza ndidzawonjezera nyenyezi yachitatu.