Mapepala a pamanja a ku Dedza opangidwa ndi madzi otsukira kachewere: ogula ndi ati, osiya ndi ati

Pepala la pamanja limaulula madzi amene linabadwiramo. Liyang'anitseni kudzuwa. Kuwala kukamadutsa mofanana paliponse, ulusi unagona bwino. Mukaona timabowo ngati tobaya ndi singano, m'beseni lopangiramo pepalalo munali thovu la sopo. Mukaona mawanga owala ngati pamene paikidwa mandasi, munali mafuta. Timadontho tofiirira tomwe timatuluka pakatha miyezi ingapo ndi dzimbiri, la mgolo wachitsulo kapena la madzi a pamjigo. Mapepala amene tikuwawunika pano ndi a kagulu kena ka pa boma la Dedza, kamene kanachepetsa madzi a pampopi n'kuyamba kutola madzi omwe ena athana nawo: otsukira kachewere wodula kwa okonza tchipisi, otsala m'beseni lawo lomwe, komanso otsala kwa onyika nsalu mu utoto. Akugulitsa mitundu itatu, khadi lokhuthala la makadi aukwati ndi zikuto za mabuku, pepala lolembapo, ndi mapepala amitundumitundu okutira mphatso.

Phala lawo ndi losakaniza, theka ulusi wa thunthu la nthochi, theka mapepala akale a m'maofesi onyikidwa usiku wonse. Ulusi wa nthochi amaudula zidutswa za masentimita 3 mpaka 5, n'kuuphika maola awiri kapena atatu ndi soda wochapira, magalamu 200 pa kilogalamu imodzi ya ulusi wouma. Soda akasowa amathira chidulo chokhathamira, chomwe chija amayi amaphikira therere, kungoti mphika umachedwa kupsa. Akatsuka amasinja mumtondo mpaka kachidutswa koponyedwa m'botolo la madzi n'kukhutchumula kamwazike osasiya mfundo. Mpaka apa palibe chachilendo. Nkhani ili pa madzi.

Madzi a kachewere ndiwo nzeru yeniyeni ya kaguluka, ndipo ku Dedza ndi Ntcheu, kumene mbatatayi imatsika ndi malole kuchokera ku Bembeke ndi Tsangano, madziwa amangotayidwa m'ngalande tsiku lililonse. Amene akufunika si otsukira dothi la mbatata yosasenda ayi, koma achiwiri aja, oyera mbuu, onyikamo mbatata yodulidwa kale. Kuyera kumeneko ndi sitachi. Mukasiya chigubu cha malita 20 chili phee kwa ola limodzi, sitachi amadikha pansi n'kugwirana ngati phala louma, ndipo madzi apamwamba amatsanulika bwinobwino. Zinthu ziwirizi zili ndi ntchito zosiyana. Madzi apamwamba amapita kukanyikira mapepala akale ndi kutsuka ulusi koyamba. Sitachi wapansi amamutsuka kawiri ndi madzi oyera, amamuyanika, kenako amamuphika magalamu 20 pa lita imodzi. Sitachi wa kachewere amayamba kulimba madzi akafika pa madigiri 60 mpaka 65, ndipo asaphulidwe asanasanduke wowonekera ngati nthongo ya therere. Wosapsa amangokhala ufa pamwamba pa pepala, amatsalira m'zala. Wopsa, akapakidwa ndi burashi pa pepala louma n'kuliyanikanso, amatseka timipata ta ulusi kuti inki isayenderere.

Pa khadi lokhuthala njirayi yagwira. Khadi la kukula kwa A4 likulemera pafupifupi magalamu 12.5, kutanthauza magalamu 200 pa sikweya mita, ndipo khumi oyezedwa limodzilimodzi sanasiyane kwambiri, chizindikiro chakuti wovuula, amene amatunga phala ndi chikombole kuti likhale pepala, amawonjezera phala m'beseni pa nthawi yake. Dontho la madzi likukhala pamwamba kanthawi lisanalowe. Bolopeni ikuyenda osakoka ulusi. Cholembera cha inki yamadzi chikusiya mzere wakuthwa kumaso kwa khadi, ngakhale kumbuyo, kumene sitachi anapakidwa mopyapyala, mzere ukuchita timiyendo. Likapindidwa pakati silikuthyoka, ulusi wa nthochi ndi wautali ndipo umagwira. Kwa wofuna makadi aukwati kapena zikuto, ili ndi la ndalama yake.

Pepala lolembapo ndi nkhani ina. Limalemera magalamu 7.5 pa A4, bwinobwino, koma mtolo wina ukangomasulidwa umatulutsa kafungo kowawasa ngati matsukwa, ndipo mapepala apakati ali ndi timadontho takuda m'mphepete. Chuku chimenecho. Chiyambi chake n'chodziwika. Madzi a kachewere amawola msanga. Akagona tsiku limodzi amachita bii, akagona awiri amasasa ndi kuchita thovu, chifukwa kuwonjezera pa sitachi muli shuga ndi zina zosungunuka zomwe tizilombo timadya. Mtolo umenewu unavuulidwa m'beseni lothiramo madzi apamwamba aja osati kungotsukira, kenako unayanikidwa m'nyumba mu Julaye. Aliyense wodziwa Dedza akudziwa Julaye wake: tauni ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, nkhungu imatsika m'phiri n'kukhala mpaka dzuwa litakwera, ndipo chovala chochapidwa m'mawa chimagona chinyowere. Pepala lokhala ndi chakudya cha tizilombo likatenga masiku atatu lisanaume, chuku sichipempha chilolezo. Mphemvu nazo zimalikonda. Lamulo lake ndi losavuta: madzi a kachewere agwire ntchito tsiku lomwe atengedwa, asalowe m'beseni lovuuliramo, ndipo nyengo yozizira mapepala afinyidwe kwambiri asanayanikidwe. Kaguluka kamafinya ndi jeke ya galimoto pakati pa matabwa awiri, koma kamafinya kamodzi kokha. Kusintha nsalu zonyowa n'kuika zouma, n'kufinyanso mphindi 20, kukanachotsa tsiku lathunthu pa kuyanika.

Komabe kuzizira kwa Dedza kuli ndi ubwino wake. Kuti ulusi wautali usachite mfundo, amathira m'beseni madzi onanda a therere lobala lodulidwa n'kunyikidwa usiku. Opanga mapepala a ku Japan amachita chimodzimodzi ndi mizu ya chomera china chapachibale ndi therere, ndipo amakonda kugwira ntchito nyengo yozizira chifukwa kunandako kumatha msanga madzi akafunda. Beseni la ku Dedza limasunga kunanda kuyambira m'mawa mpaka masana, pamene ku Golomoti kapena Mtakataka, kumunsi kotentha, likanafuna kuwonjezera kawirikawiri.

Madzi a m'beseni lovuuliramo ndi amene akubwezedwa mwaluso kuposa onse. Beseni lawo ndi la malita 60, lothiramo phala la magalamu 300 mpaka 400 poyeza louma. Madzi odontha pa chikombole ndi otuluka pofinya amagwera m'ngalande yasimenti yopita ku migolo itatu yapulasitiki ya malita 200. Woyamba ndi wodikhitsira, ndipo mpopi wake anauika masentimita 20 kuchokera pansi kuti matope asatuluke nawo. Wachiwiri ndi sefa: miyala ing'onoing'ono masentimita 15 pansi, makala osinja pakati, mchenga wamumtsinje masentimita 40 pamwamba. Wachitatu ndi wosungira, wovindikira. Matope a mgolo woyamba si zinyalala, ndi tiulusi tating'ono, ndipo amawabwezera mu phala la khadi lokhuthala, mwina n'chifukwa chake nkhope ya khadilo ndi yosalala chonchi. Cholakwika chimodzi chikuoneka pa mapepala ena oyera: timadontho takuda tomwe si chuku, chifukwa sitinunkha ndipo timafufutika ndi chala. Ndi fumbi la makala osatsuka. Makala a m'sefa ayenera kutsukidwa mpaka madzi atuluke oyera, ndipo pakati pa makala ndi miyala pakhale kansalu.

Madzi akachita mbuu kwambiri amathiramo ufa wa njere za chamwamba, pafupifupi njere imodzi pa lita, kuvundula mwamphamvu mphindi ziwiri, pang'onopang'ono mphindi khumi, n'kusiya ola limodzi kapena awiri. Njirayi si yongopeka, inayesedwa pa malo oyeretsera madzi ku Thyolo m'zaka za m'ma 1990. Kaguluka kasankha bwino posagwiritsa ntchito alum, mankhwala oyeretsera madzi, ngakhale amadikhitsa msanga, chifukwa alum amasiya asidi m'pepala, ndipo pepala la asidi limachita chikasu n'kuyamba kuthetheka pakapita zaka. Koma madzi a chamwamba nawonso sagonekedwa masiku ambiri, ufa wotsalira umawola. Ndipo sefa ya mchenga imagwira zoyandama zokha. Mchere, soda ndi utoto wosungunuka zimadutsa, choncho madzi ozungulira amanka nalemera ulendo uliwonse. Kaguluka kamachotsa gawo limodzi mwa magawo anayi tsiku lililonse n'kuthira atsopano, ndipo kamayeza ndi timapepala ta pH, muyeso woonetsa ngati m'madzi mwachuluka asidi kapena soda. Pakati pa 7 ndi 8.5 palibe vuto. Akapitirira 9, ulusi sunatsukike soda.

Pa mapepala amitundumitundu tisabise mawu: musagule ngati mukufuna okhalitsa. Mtundu wake wachokera m'madzi otsala kwa onyika nsalu, ndipo ukuoneka wokongola ndithu, wobiriwira ndi wofiirira wosawala kwambiri. Koma pakani kansalu koyera konyowa, mtundu ukutsalira pa nsalu. Utoto wa nsalu umathiridwa mchere wambiri ndi soda kuti ugwire thonje, ndipo wotsala m'madzi ndi uja walephera kale kugwira. Pa ulusi wa pepala umangokhala pamwamba. Mcherewo umakoka chinyezi, n'chifukwa chake mapepalawa amamveka ozizira ndi ofewa m'manja tsiku la nkhungu, ndipo envulopu yomatidwa ndi guluu imamatuka. Utoto wina uli ndi zitsulo monga kopa ndi chromium, ndipo wogula alibe njira yodziwira. Asakutire chakudya, asapatsidwe mwana wokonda kuika zinthu m'kamwa. Mtundu wa makoko a anyezi, masamba a tiyi kapena dothi la katondo losefedwa ukanakhala wosatsalira m'manja chonchi komanso wopanda mantha amenewa.

Pali madzi ena omwe kaguluka kanakana, ndipo kanachita bwino. Otsukira galimoto ali ndi oyilo ndi sopo, zomwe zimaletsa ulusi kugwirana. Ochokera kumene amanyika matabwa ndi mapolo mu mankhwala oteteza chiswe, ndipo kuno kwa macheka a paini malo otere sasowa, ndi poizoni weniweni: mankhwala ena oterewa ali ndi arsenic, ndipo sefa ya mchenga singawachotse. Wovuula amakhala manja ali m'madzi tsiku lonse.

Chimene chatsala chosakonzedwa ndi madzi akuda ophikira ulusi. Ndi oderako ngati tiyi wopanda mkaka, oterera m'zala, pH yake imafika 10 kapena 11. Amawagwiritsanso ntchito kamodzi, kunyikira ulusi wa mawa kuti soda wophikira achepe, ndipo izi n'zoyenera. Potsuka amayendetsa madzi chobwerera, otsukira komaliza lero ndiwo otsukira koyamba mawa, njira yomwe imapulumutsa ndowa zambiri. Koma akatha ntchito, madzi akudawo akuthiridwa m'dzenje losaya kumbuyo, pafupi ndi dimba la kabichi. Soda amaumitsa nthaka n'kuichititsa chikhakha choyera pamwamba, madzi osalowanso. Chidulo sichiwononga chotero, popeza mchere wake ndi wa phulusa. Dzenje liyenera kukhala lakuya, lothiramo miyala, mamita osachepera 30 kuchokera pa chitsime, ndipo madziwo azisakanizidwa ndi otsukira asanathiridwe. Lamulo la madzi la 2013 limafuna chilolezo kwa wotayira madzi oipa mumtsinje, ndipo kagulu kamene kakukula kayenera kuliganizira mvula isanayambe kukokolola dzenjelo.

Pogula, masulani mtolo pomwepo, musangoona la pamwamba. Nunkhizani lapakati, ndipo ngati lasasa, libwezeni. Funsani mwezi umene linapangidwa: mitolo ya Seputembala ndi Okutobala, youma tsiku limodzi, ndiyo yoyera ndi yolira bwino mukaigwedeza. Khadi lokhuthala likudutsa mu printer ya inki ngati mulowetsa limodzilimodzi polowera cha kumbuyo, koma m'mphepete mwake mosadula mumakodwa, choncho pemphani lodulidwa mbali imodzi. Mu printer ya laser musaliike, nkhope yake si yosalala mokwanira ndipo zilembo zimasuwa pa mapindiro. Kunyumba asungeni chogona pakati pa matabwa awiri, pashelefu yapamwamba, kutali ndi khoma lomwe limachita thukuta nthawi ya dzinja.