Anyamata okonza pabwalo ndawayesa

Nditamaliza nyumba ku Area 49 pabwalo panali fumbi lokhalokha, ndiye ndinaitana anyamata ena okongoletsa malo andipangire pulani. Ine ndimafuna bulugamu poti amakula msanga koma anandikaniza, akuti amamwa madzi kwambiri komanso mizu yake itha kung'amba fensi ndi septic tank. M'malo mwake anaika mbawa kukona kutali ndi nyumba, mapeyala awiri olumikiza kuseri, kapinga kutsogolo, ndipo anadikira mvula ya Disembala kuti adzale, apo nde ndinawagomera. Chondinyasa, anasowa masabata awiri foni osayankha, komanso za chiswe sanandiuze, peyala limodzi chadya kale. Anyamatawa amatchaja modula pang'ono eti, koma kapingayo wagwira bwino heavy.