Ndege ya Lilongwe–Blantyre: kwa wa ku Mangochi phindu n'lochepa

Kuchokera pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kufika ku Chileka, m'mlengalenga ndi makilomita pafupifupi 250, ndipo ola silikwana. Pa msewu wa M1, kudzera ku Dedza, Ntcheu ndi Zalewa, amapitirira 300, maola anayi kapena asanu. Apa ndegeyi ndi yosayerekezeka.

Koma mukatsika ku Chileka, Mangochi akadali kutali: makilomita ena pafupifupi 200 kudzera ku Zomba ndi Liwonde, maola atatu, minibasi ikamaima paliponse kuposa pamenepo. Onjezani ola lodikira kukwera ndi mtengo wa tikiti.

Mlendo wanu akatera ku Lumbadzi, mtumizireni galimoto idzere ku Golomoti, afike kunyanja dzuwa lisanalowe. Woyendetsa asamale mabuleki potsika Khwekhwerere.