Polyester kapena epoxy, pulayiwudi kapena mlombwa: zokonzera boti la faiba kuno ku Kasungu

Maboti a faiba amene amafika kuno ku Kasungu ambiri amakhala otopa kale. Agwira ntchito zaka ndi zaka ku Nkhotakota kapena ku Salima, eni ake awasiya pamchenga, ndiye mmodzi wa ife wagula motchipa n'kulikweza pa lole kudzera msewu wa M18 kuti aziponyera ukonde pa damu kapena m'madziwe a Bua. Chigoba cha faiba sichiwola. Zimene zimafa ndi matabwa omwe anakutiridwa m'kati mwake: thabwa lakumbuyo lomangirapo injini, nthiti zapansi ndi mipando. N'chifukwa chake pogula chilichonse ndimayamba ndadzifunsa kuti, kodi chimenechi chikagona pa faiba kapena pa thabwa? Ndalama zambiri ziyenera kupita kumene kuli thabwa.

Tiyambe ndi resin, mankhwala amadzimadzi owumitsira faiba. Pali mitundu iwiri yolimbirana malo, polyester ndi epoxy. Maboti ang'onoang'ono pafupifupi onse anawumbidwa ndi polyester. Ndi yotsika mtengo, komanso amisiri okonza mabodi a galimoto amaidziwa, choncho wokuthandizani simumusowa. Imauma mukathiramo hardener wotchedwa MEKP, pakati pa 1 ndi 2 peresenti, kutanthauza mamililita 10 mpaka 20 pa kilogalamu imodzi. Mlingowu mumausintha potengera nyengo. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, thirani wochepa ndipo muzisakaniza theka la kilogalamu basi, chifukwa ikachuluka m'chitini imadzitenthetsa yokha n'kulimba ngati mkute musanathe kupaka. M'mawa wa mu Juni, kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 15, imachedwa kuuma ndipo nthawi zina imatsala yomata. Dikirani kaye dzuwa likwere. Ndipo MEKP ameneyu musamuseweretse, dontho limodzi m'diso likhoza kukuchititsani khungu. Valani magalasi.

Vuto la polyester ndi lakuti si guluu wabwino. Pa faiba wakale yemwe mwamupala bwino ndi sandipepa wokhakhala imagwira mokwanira. Pa thabwa imangovundikira. Thabwa limafufuma likanyowa, limabwerera likauma, ndipo pakapita nyengo zingapo polyester imalekana nalo. Madzi amalowa pakati, sangathenso kutuluka, thabwa n'kuwolera m'kati pamene kunja kukuonekabe bwinobwino.

Epoxy ndiye guluu weniweni. Imalowerera m'thabwa, imagwira mwamphamvu, ndipo madzi salowamo mosavuta. Koma mtengo wake umaposa wa polyester kangapo, ndipo m'masitolo a hadiweya apa boma musayembekezere kuipeza, konzekerani ulendo wa ku Lilongwe. Timachubu tiwiri tija towuma pa mphindi zisanu si tomwe ndikunena pano. Epoxy ya boti imakhala yamadzimadzi, ndipo mlingo wake susinthidwa: wopanga akati 2 kwa 1 kapena 5 kwa 1, ndi momwemo. Mukawonjezera hardener poganiza kuti iuma msanga, mwaiwononga. Imaopanso dzuwa, moti ikasiyidwa yopanda penti imasanduka yachikasu n'kuyamba kufumbutuka.

Pali lamulo limodzi loti mulisunge: epoxy imagwira pa polyester youma, koma polyester sigwira bwino pa epoxy. Ndiye malizani kaye zigamba zonse za polyester, epoxy ibwere pomaliza. Gelcoat, khungu losalala lakunja kwa boti la faiba, nayenso ndi polyester, choncho pamene mwapaka epoxy pakanipo penti.

Ine maganizo anga ndi awa. Mabowo ndi ming'alu ya chigoba tsekani ndi polyester, palibe chifukwa chotayira ndalama za epoxy pamenepo pa boti loyenda m'madzi odekha ngati athuwa. Koma thabwa lililonse lokakutiridwa m'kati lipakidwe epoxy mbali zonse, makamaka m'mphepete modulidwa. Ngati thumba lakana ndithu, onetsetsani kuti thabwalo ndi louma kotheratu, lipaleni, lipakeni polyester yokha kaye, kenako muyambe ndi nsalu ya faiba yotchedwa mat. Ligwira ntchito, koma mudzabwererapo msanga.

Nsalu ya faiba ilinso mitundu iwiri. Mat ndi ija ya ulusi wodukaduka womwazikana, ya magalamu 300 kapena 450 pa sikweya mita. Imapindika mosavuta m'makona, imanenepetsa chigamba msanga, koma imamwa resin kuwirikiza kawiri kulemera kwake kapena kuposerapo. Sikweya mita imodzi ya 450 imafuna pafupifupi kilogalamu ya resin, ndiye powerengetsa mtengo muwerengere zonse ziwiri. Yoluka, imene amati woven roving, ndi yamphamvu kwambiri ndipo imamwa resin yofanana ndi kulemera kwake, koma yokhayokha siphatikana bwino. Ndi polyester, sanjani mat, yoluka, kenako mat. Ndi epoxy, tengani yoluka, chifukwa guluu wogwirizira ulusi wa mat yambiri amasungunuka ndi styrene, mankhwala a mu polyester, ndipo mu epoxy mulibe. Pokonza bowo, palani m'mphepete mwake motsetsereka, kuwirikiza ka 12 kukhuthala kwa chigoba: chikakhala mamilimita 5, kutsetserekako kufike mamilimita 60 kuzungulira bowo lonse. Kunsi kwa msana wa boti, komwe timakhukhuza pamiyala polikokera kumtunda, onjezerani lamba wa nsalu ngakhale pasanabooke.

Tsopano matabwa, komwe anthu ambiri amaluzira. Pulayiwudi wa marine, wolembedwa BS 1088, anamatidwa ndi guluu wosaopa madzi ndipo alibe mphako pakati pa zigawo zake. Pa thabwa lakumbuyo ndiye woyenera, mapisi awiri a mamilimita 18 omatidwa pamodzi akwanira injini yaing'ono. Akasowa, wotsatira ndi pulayiwudi wa shata, uja omanga amathirira konkire, bola guluu wake akhale wosaopa madzi. Khungu lake loterera lija lipalidwe lonse, apo ayi resin sigwira. Wa makabati ndi wa siling'i musamuyandikire, chipboard ndiye musatchule n'komwe. Wogulitsa akakuuzani kuti uyu ndi wa m'madzi, musakangane naye. Pemphani kachidutswa, kawiritseni mumphika kwa ola limodzi, kaumitseni padzuwa. Zigawo zikasiyana, ndalama zanu zapulumuka.

Nanga matabwa wamba? Mlombwa suwola msanga, supindika pouma, ndipo akalipentala athu amaudziwa. Pa nthiti ndi pamilomo ya boti ndimauika patsogolo pa onse. Mbawa imabwera pambuyo pake. Koma iyi ndi mitengo yachilengedwe yotetezedwa, ndipo tonse tikuona mmene nkhalango zathera m'boma lino. Chitseko chakale cha mlombwa kapena felemu yochokera m'nyumba yogumulidwa ndi yabwino kuposa thabwa lachinsinsi locheka dzulo: ndi youma kale, ndipo a zankhalango simukangana nawo. Bulugama ndi wolimba ndipo ali paliponse, koma ndi wolemera, amang'aluka ndi kupotoka akamauma, moti waiwisi akakutiridwa m'faiba amang'amba chigamba chomwe. Paini wa ku Chikangawa ndi wopepuka, wotchipa, ndipo amawola msanga akakhala pachinyezi.

Komatu paini yemweyo ali ndi malo ake. Mipando ndi matabwa opondapo safunika kukutiridwa. Apakeni penti, amangeni ndi mabawuti, akhale poyera pomwe mphepo ikuwomba. Akawola mudzaona ndi maso n'kusintha tsiku lomwelo. Ndikadakhala ndi mphamvu ndikanaletsa chizolowezi chokutira thabwa lililonse m'faiba pofuna kuti boti lioneke latsopano.

Pa zomangira sindichedwapo. Madzi athu alibe mchere, ndiye mabawuti a stainless a 304 akwana, a 316 ndi a kunyanja zamchere. A galavanaizi amapirira ndithu. Achitsulo wamba amachita dzimbiri, bowo limakula, madzi n'kupeza njira. Bowo lililonse loboola m'thabwa lakumbuyo lipakidwe epoxy m'kati bawuti isanalowe, ndipo potseka gwiritsani guluu wa polyurethane, uja womatira galasi lakutsogolo la galimoto. Silikoni amasupuka, ndipo pomwe wakhudza penti imakana. Filler wa magalimoto amasalaza mokongola koma amamwa madzi, kunsi kwa boti asafikeko.

Chatsala ndi choyandamitsa. Bwato logoba likagubuduzika limayandamabe, pamene faiba ndi wolemera kuposa madzi, boti likadzaza limapita pansi ndi injini yomwe, ndipo m'Bua muli ng'ona. Thovu loyera lija lotchingira mafiriji m'makatoni limayandama bwino koma polyester ikalikhudza limasungunuka, lifunika kukulungidwa m'pulasitiki. Thovu la polyurethane silisungunuka, koma ndi lodula ndipo likakalamba limamwa madzi. Ine ndimasankha mabotolo apulasitiki otsekedwa bwino. Lita iliyonse ya mpweya imanyamula pafupifupi kilogalamu imodzi, choncho mabotolo 50 a malita awiri anyamula makilogalamu pafupifupi 100. Alongedzeni pansi pa mipando ndi kumphuno kwa boti, mbali zonse mofanana, m'chipinda chotseka ndi masikuluwu kuti muzitha kuwayang'ana dzinja lisanayambe.