Buku la kusukulu, foni kapena katoni: chothandiza mwana kuwerenga pakhomo n'chiti?

Ambirife kuno ku Mulanje timafika pakhomo dzuwa litapendeka, ena kuchokera kothyola tiyi, ena kumsika kwa Chitakale kapena ku Limbuli. Mpata wokhala pamkeka ndi mwana wa Sitandade 1 kapena 2 ndi wochepa, choncho tiyenera kusankha bwino chomugwiritsa m'manja.

Buku la kusukulu lili ndi ubwino umene zinazi zilibe: lidakonzedwa mwadongosolo. Chiyambire ndondomeko ya boma yophunzitsa ana kuwerenga yotchedwa National Reading Programme mu 2016, ana a Sitandade 1 mpaka 4 amayamba ndi maliwu a malembo, kenako maphatikizo, mawu, mpaka ziganizo. Mukamawerenga naye bukuli mumaponda momwe aphunzitsi aponda, mwana sasokonezeka. Vuto ndi kuloweza. Mwana amatha kulakatula tsamba lonse maso ali kudenga, inu n'kumati wadziwa. Phimbani chithunzi ndi dzanja, mulozereni mawu apakati pa mzere, mudzaona zoona zake. Komanso si masiku onse pamene bukuli limabwera kunyumba.

Foni ndi imene ana amailimbirana. Pa tsamba la pa intaneti la African Storybook pali nkhani zaulere za m'Chichewa, zokhala ndi zithunzi zokongola. Koma imafuna bandulo ndi chaji, ndipo masana imakhala m'thumba mwa bambo kapena mayi kuntchito. Mukangomusiyira mwana kuti mukayang'ane ndiwo pamoto, mumupeza ali pa makatuni. Imathandiza pokhapokha wamkulu ataigwira yekha.

Ine mtima wanga uli pa katoni. Pemphani katoni ya sopo pagolosale, iduleni tizidutswa, mulembepo ndi khala kapena cholembera. Yambani ndi dzina la mwanayo, pakuti palibe mawu amene amawafuna ngati amenewo. Kenako zinthu zimene amaziona ndi kuzidya: nanazi, nandolo, tiyi, kalongonda, Sapitwa. Dulani "na", "na" ndi "zi" padera kuti alumikize yekha. Akachotsa "zi" ndi "na" mmodzi n'kuikapo "ma" kutsogolo kwa "na" wotsalayo, wapanga "mana", ndipo apa mpamene amazindikira kuti maphatikizo omwewo amabala mawu ena. Madzulo agogo akamatha nthano ya Kalulu ndi Fisi, lembani ziganizo zitatu za nthanoyo momwe mwanayo waifotokozera. Mawa aziwerenga mwachidwi chifukwa mawuwo ndi ake. Pakhomo pamene amayankhula Chilhomwe mungalembenso mawu a agogowo, amene sapezeka m'buku la m'kalasi.

Katoni nayo ili ndi zofooka zake. Ilibe dongosolo, moti mukhoza kumupatsa "ng'ombe" mwana amene sanafike pa "mb", iye n'kugwa ulesi. N'chifukwa chake ndimati muziyamba mwasuzumira m'kope mwake kuti muone lembo limene aphunzira sabata imeneyo, ndiye muzilemba mawu oyenda ndi lembolo. Chinyezi cha chiperoni chimafewetsanso timakadito msanga, kotero tisungeni m'jumbo, kutali ndi khoma lonyowa.

Kholo limene silidziwa kulemba lisadzione ngati lilibe gawo. Mkulu wake wa mwanayo wa Sitandade 6 akhoza kulemba, inu n'kumafotokoza nthano ndi kumufunsa wamng'onoyo kuti Kalulu anathawira kuti.