Mission: Impossible – Fallout: zochitika n'zogwira mtima, nkhani yake ndiye yopunduka

Filimu ya akazitapeyi inatuluka mu 2018, ndi yachisanu ndi chimodzi pa mndandanda wake, ndipo imatenga mphindi 147. Christopher McQuarrie ndiye anailemba ndi kuitsogolera. Ethan Hunt, yemwe ndi Tom Cruise, wataya mipira itatu ya plutonium chifukwa anasankha kupulumutsa mnzake Luther. Tsopano ayenera kuipeza gulu la Apostles lisanapange mabomba a nyukiliya, uku bungwe la CIA litamukakamiza kuyenda ndi August Walker, yemwe akuseweredwa ndi Henry Cavill.

Mphamvu ya filimuyi ili pa kujambula. Mafilimu ambiri a masiku ano amadula chithunzi sekondi iliyonse n'kugwedeza kamera kuti musaone kuti amene akumenyayo si mwini dzina. Kuno kamera imaima pataliko, chithunzi chimakhalitsa, ndipo nthawi zonse mumadziwa amene ali kumanzere, amene ali kumanja ndi kumene kuli chitseko. Onani ndewu ya m'chimbudzi ku Grand Palais, mumzinda wa Paris: amuna awiri amphamvu, Hunt ndi Walker, akulephera kugonjetsa munthu mmodzi, yemwe akuseweredwa ndi Liang Yang. Mulibe nyimbo m'ndewuyi. Mumangomva zibakera, magalasi ndi mapaipi akusweka, ndiye nkhonya iliyonse imamveka kulemera kwake.

Kudumpha m'ndege kunajambulidwa ku United Arab Emirates. Cruise ankachoka m'ndege ya C-17 pa mtunda wa mamita pafupifupi 7,600, wojambula Craig O'Brien akugwa naye limodzi kamera ili pachipewa. Kuwala komwe ankafuna kunkapezeka kwa mphindi pafupifupi zitatu dzuwa likamalowa, n'chifukwa chake anadumpha maulendo oposa 100. Apa ndi pomwe pali cholakwika chowawa. Atavutika chonchi, opanga filimuyi anawonjezera mitambo, mphezi ndi mzinda wa Paris pakompyuta, moti chinthu chenichenicho chikuoneka ngati chopeka. Thambo loyera likanachititsa mantha kuposa mphezizo.

Za njinga yamoto yozungulira chipilala cha Arc de Triomphe ku Paris molimbana ndi magalimoto palibe chodandaula. Ku London, Cruise anathyoka akakolo mu 2017 akudumpha pakati pa nyumba ziwiri, ndipo chithunzi chomwe akukwera padenga n'kuthamanga motsimphina ndi chomwecho chimene anavulalirapo.

Koma anthuwa akatsegula pakamwa, liwiro limatsika. Nkhaniyo yadzaza mayina: John Lark, Solomon Lane, White Widow, Erika Sloane, aliyense ndi cholinga chake, ndipo zambiri amangozifotokoza ataima m'chipinda. Ngati simunaonere Rogue Nation ya 2015, simumvetsa chifukwa chake Ilsa Faust akufuna kupha Lane, kapena chidani cha Lane pa Hunt. Julia, mkazi wakale wa Hunt, naye amachokera mu filimu ya 2006. Chinsinsi chachikulu (amene simunaonere dumphani chiganizochi) chakuti Walker ndi wachinyengo chimaululika msanga, pomwe iye akupereka kwa Sloane, mkulu wa CIA, foni yabwinobwino chikhalirecho tinaiona itasweka m'chimbudzi muja. Kuyambira pamenepo woonera amangodikira kuti Hunt adziwe zomwe ife tadziwa kale.

Vuto lina ndi Hunt mwiniyo. Filimu imafunsa ngati n'koyenera kuika moyo wa munthu mmodzi patsogolo pa mamiliyoni, koma siyilola kuti alipire mtengo wa chisankhocho. Anzake amangosinthana kumutamanda. Rebecca Ferguson (Ilsa), yemwe anawala kwambiri mu 2015, kuno amathera nthawi yaitali akutsatira m'mbuyo panjinga. Vanessa Kirby (White Widow) wapatsidwa mphindi zochepa, ngakhale kuti amazigwiritsa bwino ntchito.

Mapeto akuti ali ku Kashmir, koma mahelikoputa anajambulidwa ku New Zealand, Cruise akuyendetsa yekha, ndipo thanthwe lomenyeranapo lija ndi Preikestolen ya ku Norway. Lamulo lake ndi lomveka bwino: mabomba ndi awiri, mphindi ndi 15, ndipo kiyi iyenera kuchotsedwa pa chophulitsira mawaya asanadulidwe pa mabomba onse nthawi imodzi. Wolumikiza zithunzi Eddie Hamilton amasinthasintha malo atatu osakusokonezani. Kungoti mphindi 15 zimenezo zimatalika kuposa za pa wotchi yanu, ndipo anthu kutuluka amoyo m'mahelikoputa awiri ogubuduka paphiri n'kupitiriza ndewu ndi bodza loonekeratu.

Musaionere pafoni. Zochitika za ku Berlin koyambirira ndi za pansi pa nthaka ku London n'zamdima, ndipo pa sikirini yaing'ono simuona amene akuwombera mnzake. Ng'oma za Lorne Balfe zimakwera kwambiri kuposa mawu a anthu, choncho yatsani mawu olembedwa m'munsi, makamaka Sean Harris (Lane) akamayankhula monong'ona. Ku America inaikidwa m'gulu la PG-13 (lochenjeza makolo za ana osakwana zaka 13): magazi ndi ochepa, koma nkhope yopsa ya Walker ndi chingwe chapakhosi pa Benji, mnzake wa Hunt, sizoyenera ana aang'ono.