Fayilo ya makalata otsina khutu: zimene tinagula ku ofesi ina ya alangizi a maphunziro ku Avondale

Mwana wa mlongo wanga anamaliza Upper Six, kalasi yomaliza ya sekondale kuno, chaka chatha, ndipo popeza bambo ake anatisiya kalekale, udindo womufunira njira ya maphunziro unagwera ine, monga mmene zimakhalira kwa malume aliyense wa kwathu, kaya ali ku Dedza kaya ali kuno ku Mufakose. Mtsikanayu anakhoza bwino kwambiri mayeso a O Level, ndipo aphunzitsi ake a masamu, physics ndi chemistry ankayembekezera kuti pa A Level adzatuluka ndi mapointi 15, kutanthauza ma A atatu. Choncho mayi wina wa kumpingo kwathu ku CCAP atatiuza za ofesi ina ya ku Avondale imene imathandiza ana kufunsira malo m'mayunivesite a ku America, sitinazengereze. Dzina la ofesiyo sinditchula, chifukwa maofesi otere alipo angapo muno mu Harare ndipo malonda awo ndi ofanana, koma ndifotokoza zimene tinalipira ndi zimene tinalandira, pakuti makolo angapo akhala akundifunsa tikatuluka m'mapemphero.

Ofesiyo ili m'nyumba yakale yogonamo imene anaisandutsa malo a ntchito, mtunda woyenda pansi kuchokera pamashopu a Avondale, ndipo kwa ife a ku Mufakose ulendo wake ndi wa makombi awiri, kusinthira m'tauni. Malowo ndi aukhondo, magetsi a sola ndi intaneti sizinatisowetsepo mtendere, ndipo pakhoma anakhomapo timbendera ta mayunivesite asanu ndi atatu a Ivy League. Kukumana ndi mlangizi kwa ola limodzi ndi madola 40, pamene ndondomeko yonse, yoyambira mu Juni mpaka mu Epulo, ndi madola 350. Ife tinasankha yonseyo, ndipo chimene chinatikopa kwenikweni chinali fayilo ya buluu imene anatiika patsogolo tsiku loyamba lomwelo.

Kuti nkhani ya fayiloyo imveke, ndiyenera kufotokoza kaye chimene Achimereka amachitcha likely letter, chomwe ine ndimangochitcha kalata yotsina khutu. Mayunivesite a Ivy League, omwe ndi Harvard, Yale, Princeton, Columbia, Penn, Brown, Dartmouth ndi Cornell, amatulutsa zotsatira za ambiri mwa ofunsira malo tsiku limodzi kumapeto kwa Malichi, ndipo mwana amene watengedwa amakhala ndi nthawi mpaka pa 1 Meyi kuti asankhe kopita. Koma pali ana ochepa amene yunivesite imaopa kuti anzake angawalande, ndipo amenewa imawalembera nthawi isanakwane, kawirikawiri mu Febuluwale kapena kumayambiriro kwa Malichi, kuwauza kuti malo awo ali pafupifupi otsimikizika malinga ngati sabwerera m'mbuyo m'kalasi ndiponso sapalamula mlandu. Ana a zamasewera amene makochi a yunivesite akuwafuna amatha kulandira kalata yotereyi kuyambira pa 1 Okutobala, ndipo chifukwa chake n'chomveka: Ivy League sipereka sikolashipi ya zamasewera, kotero kalatayo ndi njira yogwirira mwana pamkono kuti asatengedwe ndi mayunivesite ena amene amalonjeza ndalama msanga.

Fayilo ya buluu ija inali ndi masamba pafupifupi 40, tsamba lililonse mwana mmodzi wopanda dzina amene akuti analandira kalata yotereyi. Pamwamba analemba mamalikisi a SAT, mayeso olowera m'mayunivesite a ku America, ndipo pafupifupi onse anali pakati pa 1530 ndi 1600, pomwe 1600 ndiye malire. Kenako panali GPA (avareji ya magiredi a kusukulu) ya 4.0 kapena yoyandikira pamenepo, mndandanda wa mayeso a AP (a maphunziro a mlingo wa koleji amene ana amachita ali kusekondale) asanu ndi atatu kapena khumi, ambiri mwa iwo atakhoza ndi 5, yomwe ndi giredi yapamwamba, ndipo m'munsi munali mphoto: wina anafika pa mpikisano wa sayansi wa Regeneron ISEF, wina anaimirira dziko lake pa International Mathematical Olympiad, wina dzina lake linatuluka pa kafukufuku wa mulabotale ali ndi zaka 17. Mlangizi, mayi waulemu amene nayenso anaphunzira ku America, anatiuza kuti ntchito yawo ndi kuyeza mwana wathu ndi anawa, kenako kutseka mipata imene yatsala.

Ndinamuona mtsikana wathu akutsegula masambawo limodzilimodzi, chala chake chikutsika mzere ndi mzere monga amachitira poyang'ana dzina lake pa bolodi la zotsatira kusukulu. Atafika cha pakati anaitseka fayiloyo mwakachetechete n'kuisuntha pang'ono kuti italikirane naye. Sanayankhule kanthu mpaka titakwera kombi yachiwiri, pomwe anangoti, "Amalume, mwana ngati ine mmenemo mulibe." Ndinamuyankha kuti asataye mtima, koma kunena zoona nanenso ndinali nditaona chimodzimodzi, pakuti pa masamba onsewo panalibe ngakhale limodzi lotchula ZIMSEC, bungwe la mayeso la kuno ku Zimbabwe, ndipo A Level ya Cambridge inangotuluka pawiri.

Ulendo wotsatira ndinafunsa funso limene ndinayenera kufunsa ndisanatulutse ndalama m'thumba. Ndinati, "Mayi, ziwerengero zimenezi munazitenga kuti?" Ndiyenera kuwayamikira kuti sanandizembe. Anavomera kuti mayunivesite satulutsa mamalikisi a ana amene alandira makalata amenewa, ndipo kuti masamba ambiri anawatolera pa intaneti, pomwe ana amalemba okha za kupambana kwawo, kupatula atatu omwe anali ana amene anadutsa pa ofesi yawoyo. Mwa atatuwo, awiri anali akatswiri osambira ochokera kusukulu zolipira ndalama zambiri, amene makochi ankawadziwa kale asanalembe n'komwe fomu.

Apa ndiye pagona vuto lalikulu la malonda amenewa. Mwana amene amalemba mbiri yake pa intaneti ndi amene ali ndi chonyadira, ndipo palibe amene angatsimikize ngati zimene walembazo n'zoona. Kusakaniza ana a zamasewera ndi ana a m'kalasi m'fayilo imodzi kumasokonezanso chithunzi, chifukwa njira zawo n'zosiyana kotheratu: wosambira amalowa kudzera mwa kochi amene wamusankha, ndipo mamalikisi ake amangoyenera kufika pa muyeso umene Ivy League inakhazikitsa. Koma choposa zonse n'chakuti fayiloyo ilibe masamba a ana amene anakanidwa. Ku Harvard, m'zaka zaposachedwapa, mwa ana 100 ofunsira malo otengedwa akhala atatu kapena anayi okha, ndipo pakati pa okanidwawo pali ana miyandamiyanda a SAT yoposa 1500 ndi magiredi opanda banga. Munthu atasonkhanitsa masamba awo n'kuwaika pambali pa fayilo ya buluu ija, sangathe kusiyanitsa mulu uwu ndi uwo poyang'ana manambala okha. Mamalikisi amangofikitsa mwana pakhomo, ndipo chimene chimachititsa kuti yunivesite imuthamangire ndi kalata chimakhala chinthu chimene tebulo la manambala silingachionetse, monga luso losowa limene dipatimenti ina ikulifuna chaka chimenecho, kapena mawu a mphunzitsi amene alemba kuti sanaonepo mwana wotere chiyambire ntchito. Ana ambiri amene amatengedwa m'mayunivesite amenewa salandira kalata yotsina khutu ngakhale pang'ono, ndipo mfundo imeneyi, yomwe ikanatipumitsa mtima, sinalembedwe pena paliponse m'fayilomo.

Sindikufuna kuti amene akuwerenga aganize kuti madola athu anagwera m'madzi, chifukwa ntchito yabwino ya ofesiyi inali ina, yosaoneka ndi maso tsiku loyamba. Chaka cha sukulu kuno chimatha mu Disembala ndipo zotsatira za A Level zimatuluka mafomu ambiri atatsekedwa kale, pamene ku America amafuna mafomu oyambirira pofika pa 1 Novembala ndi otsalawo kumayambiriro kwa Januwale. Izi zikutanthauza kuti mwana wa kuno amaweruzidwa ndi zotsatira za O Level, malipoti a Lower Six ndi magiredi amene aphunzitsi akulosera, ndipo sukulu zambiri zathu sizinazolowere kulemba zinthu zimenezi mmene akuzifunira kumeneko. Mlangizi uja anapita yekha kusukulu ya mtsikana wathu, nakhala pansi ndi wachiwiri kwa ahedi kukonza chikalata chofotokoza sukuluyo, kuchuluka kwa ana m'kalasi, zipangizo zimene zilipo ndi zimene palibe, komanso tanthauzo la mapointi 15 kwa munthu amene sanamvepo za ZIMSEC. Anawafotokozeranso aphunzitsi kuti kalata yoikira mwana umboni si ya mizere itatu yonena kuti ndi womvera ndi wakhama, koma iyenera kusimba chimene mwanayo anachita iwo akuona. Ntchito imeneyi yokha ndikanailipirira theka la ndalama zija mosawinya.

Pa nkhani ya ndalama anatithandizanso kwambiri. Mtengo wa chaka chimodzi m'mayunivesite amenewa umaposa madola 80,000, ndipo ine sindinkadziwa kuti pali mayunivesite ochepa okha, monga Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst ndi Dartmouth, amene saona umphawi wa mwana wochokera kunja posankha amene amutenge, pamene ena ambiri amawerengera thandizo limene mwanayo adzafune. Anatichenjeza kuti Early Decision, njira yofunsira malo msanga imene Brown, Columbia, Cornell, Dartmouth ndi Penn amagwiritsa ntchito, imamanga mwana kuti apite akatengedwa, ndipo anatiyendetsa mzere ndi mzere pa fomu ya CSS Profile, yomwe imafunsa za malipiro ndi katundu wa banja m'njira yosagwirizana ndi moyo wa mayi amene amagulitsa zovala pamsika ndipo alibe pepala la malipiro. Anatisonyezanso mmene tingapemphere kuti tisalipire ndalama zotumizira mafomu, zomwe ndi madola 70 kapena kuposerapo pa yunivesite iliyonse.

Chimangirizo cha pa Common App (fomu ya pa intaneti yofunsira malo m'mayunivesite ambiri a ku America), chomwe sichiyenera kupitirira mawu 650, chinalembedwa kasanu. Poyamba mtsikana wathu analemba za mavuto a magetsi ndi madzi, koma mlangizi anamubwezera n'kumuuza kuti nkhani imeneyo adzailemba ana ena ambiri a mu Harare. Atamufunsa zimene amachita Loweruka, kunapezeka kuti kuyambira ali Fomu 3 ndiye amasunga buku la ndalama la bungwe la zamaliro limene agogo ake ali membala, kumasulira malamulo ake m'Chichewa, m'Chishona ndi m'Chingerezi, ndiponso kuti ndi iye amene anatulukira cholakwika cha masamu chimene chinakanganitsa akuluakulu kwa miyezi. Ife m'banja sitinaganizepo kuti zimenezi ndi nkhani yoti n'kuuza anthu a ku America. Mlangiziyo sanamulembere ngakhale chiganizo chimodzi, ndipo pamenepo ndikuwapatsa ulemu.

Madandaulo ena ndi ang'onoang'ono koma oyenera kutchulidwa. M'sabata ziwiri zomaliza za Disembala, nthawi imene mafomu ambiri amatumizidwa, mauthenga a pa WhatsApp ankatenga masiku awiri kapena atatu osayankhidwa, chifukwa alangizi ndi awiri okha pa ana oposa makumi atatu. Ankatikakamizanso kulipira madola ena 120 a makalasi a SAT, pamene mayeso oyeserera alipo aulere pa Khan Academy ndi pa Bluebook, pulogalamu imene ana amalembera mayesowo chiyambire kulembedwa pa kompyuta kuno mu 2023. Mtsikana wathu anakonzekera yekha usiku ndipo anapeza 1480. Sanatiuzenso za EducationUSA, imene imapereka malangizo aulere mothandizidwa ndi boma la America, kapena za USAP, imene yakhala ikuthandiza ana anzeru ochokera m'mabanja osauka a mu Zimbabwe kuyambira 1999, ngakhale kuti zinali zoonekeratu kuti banja lathu likuchita kudzipanikiza.

Febuluwale yense mwanayo ankatsegula imelo m'mawa ndi madzulo, kudikira kalata imene mlangizi mwiniwake ankadziwa kuti mwayi wake ndi wochepa zedi, ndipo mwezi umenewo anaonda. Kalatayo sinabwere. Kumapeto kwa Malichi mayunivesite awiri a Ivy League anamukana, imodzi inamuika pa mndandanda wa odikira, ndipo koleji ina yaing'ono, imene mlangizi anachita kutiumiriza kuti tiiwonjezere pa mndandanda ngakhale kuti kambendera kake kanalibe pakhoma paja, inamutenga ndi thandizo lokwanira fizi, chakudya ndi malo ogona.

Kwa kholo limene likuganiza zopita kumeneko, ndinganene kuti lilipire maola anayi kapena asanu paokha, makamaka a kalendala ya mafomu, zikalata za kusukulu, CSS Profile ndi chimangirizo, zomwe sizingapitirire madola 200, ndipo lifike mu Juni kapena Julayi, Common App isanatsegulidwe pa 1 Ogasiti, alangizi akadali ndi mpata. Akatulutsa fayilo ya buluu, liwafunse kuti ndi masamba angati a ana a ZIMSEC, ndi angati a ana a zamasewera, ndiponso kuti masamba a okanidwa ali kuti. Ine ndinawapempha kuti asamaionetse kwa mwana tsiku loyamba, ndipo anati aganizapo, koma nditapita mwezi watha kukatenga makope a zikalata zathu ndinaipeza idakali patebulo pomwe paja, mnyamata wina wa Lower Six akuitsegula bambo ake ali pambali.